Zipinda Zinayi pa Ngalande

"Ndati mwawauza kapena simunawauze? Yankhani chimodzi, bambo a Hilda."

Elliot anali atanyonyomala pambali pa njinga yake ya kabaza, akupukuta tcheni chomwe chinali choyera kale.

"Takambirana."

"Mwakambirana zotani?"

"Akuti zipindazo zikatha, chimodzi alowamo namwino, china mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. Anthu a boma, osavuta."

"Ine ndinakutumani kukafunsa za namwino?"

Tusekile, mkazi wake, anaika lichero la mpunga pansi mwamphamvu mpaka nkhuku zinabalalika. Kuseri kwa nyumba mafosholo anali kulira. Lole ya dothi inali itangokhuthula ulendo wachitatu m'mawa womwewo. Pamenepo mpomwe pankadutsa ngalande yomwe anthu a dera lonselo, kumapeto kwa tawuni ya Karonga, anakumba chaka chatha madzi atagwetsa nyumba khumi ndi ziwiri. Tsopano pa ngalandepo panali pataima maziko a zipinda zinayi za lendi, okwera mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu. Mwini wake anali Zebedee Mwakabanga, bambo ake a Elliot, yemwenso anali wapampando wa komiti yochenjeza anthu za madzi osefukira.

Nyumba ya Tusekile inali m'munsi mwa mazikowo, mapazi makumi awiri okha. Anaimanga yekha ndi geni ya mpunga wokapikula ku Hara. Njerwa zake zinali zowotcha, koma zomangira dothi, osati simenti. Ana ake, Hilda ndi Allan, ankagona chipinda chakumbuyo, khoma loyang'ana ku ngalande.

"Aikapo paipi pansi," anatero Elliot. "Madzi azidutsa momwemo."

"Ndaiona paipi yanuyo. Lamulungu atapita kutchalitchi ndinakalowetsamo mwendo, unakanirira pa bondo. Madzi a chaka chatha anatenga ng'ombe yamoyo, inadutsa apa ikulira. Ng'ombe ija ingalowe mu paipi ija?"

"Maziko akweza monga mmene anatiphunzitsira kumsonkhano."

"Anakweza awo. Madzi akafika n'kupeza njira yatsekedwa, abwerera kumapiri? Akhotera kwa ndani?"

"Malo ndi awo, mayi a Hilda. Ndi bambo anga."

"Ana ndi anu."

Elliot anaponya kansanza pansi. "Ndiye kawauze wekha, poti pakamwa uli napo."

Atangotero anazindikira yekha chomwe wanena, ndipo anayang'ana kumbali. Tusekile ankatha kuima pakati pa msika n'kumukalipira wamalonda wa ku Kyela mpaka abweze sikelo yake m'thumba. Madalaivala a malole ankamupatsa moni asanatsike. Koma zaka khumi ndi chimodzi ali pabanja, anali asanayang'anepo nkhope ya apongozi ake aamuna, kapena kulankhula nawo liwu limodzi. Ankawadziwira chifuwa chawo ndi kulira kwa nsapato zawo. Akamva akubwera, ankapatuka m'njira, kufunda chitenje kumutu n'kugwada, msana ataulozetsa kwa iwo. Dzina lawo silinatulukepo pakamwa pake. Tsiku lolembetsa Hilda kusukulu, aphunzitsi atafunsa dzina la kwa bambo, anachita kumugwedeza mwanayo kuti atchule yekha. Amayi ake omubereka anachita zomwezo, agogo akenso, ndipo Tusekile sankaonapo cholakwika. Ulemu ndi ulemu.

Elliot anakwera njinga n'kupita kusiteji osadya.

Madzulo ake Tusekile anaitana Febby, mlamu wake, mwana womaliza wa mkuluyo. Mawu onse ochoka kwa mkamwana kupita kwa apongozi ankadzera mwa iye.

"Khala apa, mlamu. Ukawauze chonchi, usasinthe. Akuti mwatseka njira ya madzi. Akuti khoma lomwe agona adzukulu anu ligwa. Akuti phwanyani chipinda chimodzi chapakati madzi azidutsa. Bwereza."

"Iii, mlamu. Phwanyani? Kwa adada?"

"Bwereza."

Febby anabwereza akuseka, ngati mwana wa sukulu. Anapita. Patadutsa ola anabwera atakwapatira matumba atatu opanda kanthu.

"Akuti ndaga, zikomo kwambiri chifukwa choganizira za pakhomo. Akuti muikemo mchenga m'matumbamu, mutchinge pakhoma."

Tusekile anawayang'ana matumbawo. Limodzi linali lobooka pansi.

"Unati chiyani kwenikweni?"

"Zomwe munanena."

"Febby."

"Ndinati mlamu akuti nyumba ikukongola, koma akudera nkhawa pang'ono za mvula." Febby anakweza mapewa. "Mumafuna ndinene kuti phwanyani, iwo akudya? Ine ndimagona nyumba yomweyo. Inu muli ndi mwayi, simuwaona nkhope akakwiya."

Sabata yotsatira kunagwa mvula ya maola awiri, yosaopsa, yoti ana ankasewera m'menemo. Itakata, kuseri kwa maziko kunali dziwe. Paipi inkalavula kamadzi ngati mpopi wa pamjigo. Otsalawo anazungulira pang'onopang'ono, nadzagona pakhoma la chipinda cha ana. Anakhala pamenepo masiku awiri. Ataphwa, Tusekile anakanda pakati pa njerwa ndi chala. Dothi linatuluka lofewa ngati phala. Anatenga khala n'kulemba mzere pomwe madzi analekezera, mzere wachitatu wa njerwa.

Anasamutsa mphasa za ana kuziika pabalaza. Elliot anazibweza.

"Anthu akaona ati tikuwanenera zoipa adada."

"Anthu ake ati olowa m'nyumba muno kudzaona pogona ana?"

"Febby amalowa."

Anazisamutsanso. Koma pabalaza ndi kuchipinda denga linali limodzi, ndipo iye ankadziwa mmene nyumba zija zinagwera chaka chatha. Khoma limodzi likagwada, linzake limatsatira.

Anayesa kwa mayi wina wa mu komiti, wogulitsa usipa pafupi ndi benchi lake kumsika. Mayiyo anamvetsera akupirikitsa ntchentche, kenako anati, "Nanga wapampando si apongozi anu omwe? Nkhani ya pakhomo panu ife tiilowe bwanji? Kakambiraneni kunyumba."

Anayesa kwa Brighton, mmisiri womanga zipindazo. Anamudikirira panjira akuweruka.

"Brighton, thumba la kilombero weniweni, wosasakaniza. Uchotse kapaipi kaja, uike zazikulu zija amaika pamsewu. Zogula ndigula ndine."

"Mama, zija n'zazikulu. Pafunika kugumula pakati ponse."

"Matumba awiri."

"Si nkhani ya mpunga."

"Awiri ndi nkhuku. Usandichedwetse, ndili ndi zochita."

Brighton anaseka, koma maso ake sanaseke. "Ine ndinawauza tsiku loyamba, ndisanaike njerwa ndi imodzi yomwe. Ndinati bwana, apa ndi pamadzi. Anati iwo akhala pano zaka makumi asanu ndi limodzi, madzi amawadziwa kuposa ine. Akandiuza eni ake kuti gumula, mawa lomwe ndigumula, ulere. Koma anene okha."

"Ndiye awauze ndani?"

"Mwana wawo alipo."

"Ndili naye kunyumba ameneyo. Amapukuta njinga."

Lachinayi la sabata yachitatu uthenga unalowa m'mafoni kuti kukubwera mvula yamphamvu kumapiri. Tusekile ankachokera kumsika, beseni pamutu, pomwe anamva chokuzira mawu chikubwera kutsogolo kwake. Anatula beseni, anafunda chitenje, nagwada m'mbali mwa njira, mawondo m'matope.

"Anthu inu, mvula ikubwera," mawu a apongozi ake ankamveka dera lonse. "Kwezani maziko a nyumba zanu. Musataye zinyalala m'ngalande. Ngalande ndi moyo wathu."

Nsapato zinadutsa pafupi kwambiri mwakuti akanatha kuzigwira. Zinaima pang'ono, monga ankachitira nthawi zonse posonyeza kuti aona ulemu wa mkamwana wawo, kenako zinapitirira. Tusekile analuma chitenje. Anadzuka chokuzira mawu chija chitamveka kutali, kutsidya kwa mjigo.

Lachisanu lonse kumapiri kunali bii, koma m'tawuni dzuwa linkawotcha. Mphepo inaleka. Nyerere zinayamba kukwera khoma la kukhitchini zitanyamula mazira.

Madzi anafika Loweruka masana, kunja kukungowaza. Sanabwere ndi phokoso. Anabwera m'ngalande ofiira, olemera, atasenza makungwa a nthochi, mabotolo apulasitiki ndi nthambi. Atafika pa maziko anaima. Paipi inameza kanthawi, kenako chitsa cha nthochi chinadzakhala pakamwa pake. Dziwe linayamba kukwera, likuzungulira mwakachetechete, ndipo lilime lake limodzi linakhotera kumunsi.

Tusekile anatulutsa ana n'kuwaimika pachulu cha kwa aneba. Pobwerera anapeza madzi adutsa mzere wake wa khala. Anaika khutu pakhoma. Mkatimo munkamveka tizidutswa ta dothi tikugwera pansi, kamodzikamodzi.

Anthu anali atasonkhana kumtunda. Brighton ndi anyamata ake anaima ndi mafosholo ndi piki m'manja. Elliot anali atalowa m'dziwe mpaka m'chifuwa, akusolola zinyalala pa paipi ndi ndodo. Chilichonse akachotsa, china chinkabwera. Pamwamba pa maziko panaima mkuluyo, ambulera kumutu, wezulo ya komiti ili pakhosi.

"Apatseni nthawi, adutsa," ankatero. "Elliot, kumanzereko. Chotsa icho."

"Adada," anatero Elliot, madzi akumugunda pachibwano, "mwina tikanati..."

"Ukuti chiyani?"

"Ndimati chitsachi n'cholemera."

Tusekile anamva zonsezo ataima pakona ya nyumba yake, chitenje kumutu, nkhope kukhoma. Kenako njerwa imodzi yapansi inatuluka m'malo mwake n'kugwera m'madzi, ngati dzino la nkhalamba.

Anavula chitenje kumutu n'kuchimanga m'chiuno. Anayenda m'madzi mpaka pomwe panali Brighton, namulanda piki. Anakwera pa maziko. Anaima kutsogolo kwa apongozi ake, nawayang'ana.

Anali munthu wamng'ono. Ndicho chinayamba kumudabwitsa. Zaka zonsezi ankaganiza za chimunthu chachitali, koma apa panali kankhalamba kowonda, ka ndevu zoyera zosameta bwino, diso limodzi lotuwa.

"A Zebedee Mwakabanga," anatero.

Febby anakuwa n'kudziphimba kumaso. Azimayi omwe anali kumtunda anatembenuka onse. Anyamata a Brighton anayang'ana mafosholo awo. Mkuluyo anatsitsa ambulera n'kubisa nkhope yake.

"Ndakutumizirani mwana wanu wamwamuna, sananene. Ndakutumizirani wamkazi, anakuuzani kuti nyumba ikukongola. Siikukongola. Mwatseka njira ya madzi ndipo mukudziwa. Khoma lija mukuliona? Mmenemo mumagona Hilda ndi Allan, magazi anu. Muuzeni Brighton agumule."

 Mawu anatuluka kuseri kwa ambulera, osalankhula kwa iye.

"Elliot. Chotsa munthu uyu pamaso panga."

"Ndati muuzeni agumule. Ine ndaima pompano, mundiyankhe ine."

"Elliot."

Elliot anangoima m'madzi, ndodo m'manja.

Tusekile sanadikirenso. Anapita pakati, pamwamba pa paipi, nayamba kukhapa. Simenti inali yolimba ndipo piki inkadumpha. Palibe anamuthandiza, palibenso anamugwira, chifukwa kumugwira kukanafuna kuti munthu ayang'ane komwe kunali manyaziwo. Njerwa yoyamba inachoka, yachiwiri, yachisanu. M'manja munatuluka magazi. Atafika pa dothi lothira lija, madzi anapeza kampata, nalowa. Anadumphira kumbali. Dothi la malole onse aja linayamba kusungunuka, ndipo pasanathe nthawi yophika tiyi, zipinda ziwiri zapakati zinali zitapita, madzi akuthamanga m'njira yawo yakale kulowera kunyanja.

Pofika madzulo, pakhoma la Tusekile panatsala matope okha. Nyumba inaima, koma khoma lakumbuyo linali litafufuma pamimba, ndi mng'alu wolowa chala.

Akuluakulu a banja anakhala pansi Lolemba. Tusekile sanaitanidwe. Mawu anabwera ndi Febby, yemwe ulendo uno sanakhale pansi ndipo sanasinthe kanthu.

"Akuti mupite kwanu ku Wovwe mawa. Mudzabwera abale anu akadzabwera ndi ng'ombe yopepesera. Akuti chiyambire sanaonepo zotere."

"Ana?"

"Ana ndi a pano. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ndikufunsa kuti azigona kuti."

"M'nyumba mwawo, ndi bambo awo."

"Nanga ngalande?"

Febby anayang'ana pansi. "Lole ibwera Lachitatu. Akuti aikapo mapaipi awiri."

"Pita ukawauze kuti ndipita, ng'ombe idzabwera, sindikukana. Koma ana azigona kwawoko, kumtunda, mpaka mvula ithe. Nyumba yawo ndi ya simenti, zipinda zilipo."

Febby anapita, nabwera msanga.

"Akuti akatero ndiye kuti avomera kuti munalondola. Akuti nyumba yanu ilibe vuto, Elliot amata mng'aluwo."

Uwu unali mwezi wa Malichi, sabata yoyamba. Aliyense wobadwira ku Karonga amadziwa kuti mvula yeniyeni imakhala isanabwere.

M'mawa mwake Tusekile anasambitsa ana, anawapatsa phala, nawaperekeza mpaka pamsewu wa kusukulu. Elliot anali atapita kukamufunira malo pa lole ya mnzake yopita ku Wovwe kukatenga mpunga. Tusekile anatulutsa katundu yense m'nyumba, mphasa, mapoto, zovala za ana, mabuku a Hilda, nazisanja pansi pa mtengo wa mango n'kuphimba ndi pepala lapulasitiki. Kenako anapita kwa Brighton.

"Ndibwereke hamala ndi makwerero."

"Mama, mwayambanso?"

"Za apongozi sindikhudza. Bweretsa."

Elliot pofika ndi lole anapeza mkazi wake ali pamwamba pa nyumba, akuzula misomali. Malata asanu ndi atatu anali atatsika kale, atasanjidwa bwino pansi. Chipinda cha ana chinali pamtetete, mitengo ya denga ili mbee.

"Mayi a Hilda, wapenga?"

"Gwirani ili, likucheka."

"Tsika. Anthu akuona."

"Aone. Malatawa ndinagula ndine, limodzilimodzi, ndi mpunga wanga. Lilipo lomwe munagula inu? Lilozeni ndilisiye."

Elliot sanaloze. Dalaivala wa lole, yemwe ankamudziwa Tusekile kumsika, anatsika n'kuyamba kulandira malata osafunsa kanthu.

"Nyumba yomwe unaivutikira," anatero Elliot, mawu atatsika. "Unaima pamaso pa adada chifukwa cha nyumba imeneyi. Lero ukuipasula wekha?"

"Sindinaimire njerwa ine."

"Nanga tigona pati?"

"Inu mudziwa. Muli ndi anzanu kusiteji." Anakoka msomali wina, nauika m'thumba la diresi pamodzi ndi inzake. "Anawo agogo awo sangawasiye pamtetete mvula ikugwa, dera lonse likuona. Ndi wapampando."

Lata lomaliza linatsika dzuwa lili pamutu. Anachotsanso chitseko, chifukwa anadziwa kuti pakakhala chitseko wina aganiza zofolera ndi udzu. Zonse zinakwera pa lole. Anthu anali ataima m'makomo mwawo, akuonerera. Kumtunda, pa khonde la nyumba ya simenti, panalibe munthu, koma katani ya pawindo inali itatsegulidwa pang'ono.

Tusekile sanakwere. Anakhala pa sitepe ya lole, manja omanga nsanza ali pamiyendo.

"Mama, tichedwa," anatero dalaivala. "Kumapiri kwadanso. Tikapeza mlatho wadzadza."

"Dikira."

Ana anabwera kuchokera kusukulu. Allan anaima n'kumayang'ana nyumba yopanda denga, chala m'kamwa. Hilda anayang'ana amayi ake. Madontho oyamba anayamba kugwa, akuluakulu, otalikirana, akulira pa pepala lapulasitiki lija. Ana anaima pabwalo pomwepo. Tusekile anawaona akunyowa ndipo sanadzuke.

Chitseko cha kumtunda chinatseguka. Febby anatsika chothamanga, chitenje kumutu, nafika pansi pa mango. Anakunga mphasa ziwiri, nanyamula thumba la zovala.

"Akuti abwere," anatero, osayang'ana mlamu wake. "Akuti lero lokha."

"Tenga ndi mabulangete onse," anatero Tusekile. "Ndi mabuku. Ndi mapoto omwe."

Anadikira mpaka Hilda ndi Allan atakwera masitepe anayi a khonde lija n'kulowa, chitseko n'kutsekeka. Ndiye anakwera kutsogolo, nakhala pambali pa dalaivala.

"Tiye," anatero. "Ukuyang'ana chiyani?"